Malo ochititsa chidwi pa msewu wa M1 ku Ntcheu

Msewu wa M1, omwe umalumikiza mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, umadutsa m'boma la Ntcheu m'chigawo chapakati cha Malawi. M'mbali mwa msewuwu muli malo angapo omwe apaulendo amakonda kuima kuti agule zinthu kapena kuona mbiri ya derali.

Msewu wa m'malire

Kumpoto kwa tauni ya Ntcheu, M1 amayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Munthu wopita ku Lilongwe amakhala ndi Malawi kudzanja lamanja, pomwe kumanzere ndi chigawo cha Tete cha Mozambique. Pa Biriwiri pali chipata cha m'malire.

Misika

Misika yodziwika ndi ya pa Tsangano Turn-off ndi pa Lizulu. Derali ndi lokwera komanso lozizira, choncho mbatatesi, kabichi, tomato, anyezi ndi kaloti zimachita bwino. Alimi a mayiko onse awiri amagulitsira pamodzi, ndipo pa Lizulu wogula akangowoloka msewu ndiye kuti walowa dziko lina. Mabanja ambiri amadalira malondawa, ndipo mavenda amapikula ndiwozi kukagulitsa m'mizinda.

Mbewa

Anthu akamaliza kukolola, anyamata amaima m'mbali mwa msewu atanyamula mipani ya mbewa. Mbewazi amazikumba kapena kuzitchera m'minda, kenako amaziwiritsa ndi mchere n'kuziumitsa. Alendo ochokera kunja amadabwa nazo, koma kwa anthu ambiri a m'derali ndi ndiwo zozolowereka.

Mbiri ya Angoni

Ntcheu ndi kwawo kwa Angoni a Maseko, ndipo likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani lili ku Lizulu. Pafupi ndi msewuwu pali manda a Gomani Chikuse, yemwe anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda la Britain mu 1896. Chaka chilichonse Angoni amasonkhana pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, pomwe amavina ngoma.

Zofunika kudziwa

Pa Chingeni pali chipata cholipiritsa galimoto chomwe chinatsegulidwa mu 2021. Pa misika anthu amadzaza mpaka mumsewu, motero oyendetsa ayenera kuchepetsa liwiro ndi kuimika galimoto kunja kwa tala.