Mutu Umodzi Susenza Denga

Mukapeza manesi owerengeka usiku pa cipatala ca Chama, musaganize kuti anzao athawa nchito. Sisita wamkulu amagawa manesi patatu: a m'mawa, a masana ndi a usiku. Wocezera pa wodi ayenera kupumula, cifukwa nesi wotopa angalakwitse mankhwala.

Dzinja ndilo limavuta. Malungo amacuruka, mitsinje yothira mu Luangwa imadzaza, ndipo kutumiza odwala ku Chipata kumacedwa. Conco sisita wanzeru amapereka chuti cambiri m'cilimwe.

Mu 2022 boma linalemba anchito a zaumoyo oposa 11,000, komabe manja amacepa usiku. Makolo, mwana akatentha thupi bwerani naye kukali masana. Koma akakomoka, ngakhale pakati pa usiku, musayembekeze kuca.