Kulowa m'Gulu Latsopano: Mbali ya Chiyankhulo pa Ntchito Yongodzipereka

Mawu oyamba

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 namondwe wa Freddy adasakaza maboma a m'chigawo cha kummwera kwa dziko lino ndipo anthu oposa 1,000 adataya miyoyo. Ngoziyi idagwa pa nthawi yomwe dziko lidali kale pa nkhondo yolimbana ndi matenda a kolera, omwe adabuka m'boma la Machinga mu 2022. Ine ndidali mmodzi mwa achinyamata omwe adadzipereka kukathandiza anthu omwe adathawira m'misasa. Bungwe lomwe ndidalembetsako lidanditumiza ku msasa wina wa pa sukulu ya pulayimale m'boma la Nsanje, komwe ndidakapeza gulu lomwe lidali litagwira kale ntchito limodzi kwa milungu ingapo. M'nkhani ino ndifotokoza momwe chiyankhulo chimatsekulira kapena kutsekera khomo munthu wolowa m'gulu lotere. Ndiunika mbali zinayi: maitanidwe, mawu a pa ntchito, chiyankhulo cha eni dera, ndi dzina la ntchitoyo.

Maitanidwe

Chinthu choyamba chomwe mlendo amakumana nacho ndi mlowam'malo. M'Chichewa muli "iwe" ndi "inu", komanso mphatikiram'mbuyo "a-" yemwe timaika pa dzina posonyeza ulemu. Kusukulu timaphunzira kuti "inu" ndi waulemu pomwe "iwe" ndi wa ana kapena anthu ozolowerana. Chomwe sitiphunzira kawirikawiri ndi chakuti ulemu umathanso kukhala mpanda. Anzanga a m'gululo ankaitanana "iwe" ndi "aise", nkumanyogodolana pa chakudya, koma ine ankanditchula "achemwali a ku yunivesite". Poyamba ndidanyadira, koma patapita masiku ndidazindikira kuti "inu" ameneyu ankatanthauza kuti sindidakhale mmodzi wa iwo. Ntchito zolemetsa monga kutunga madzi ndi kutsuka zimbudzi sankandiuza, ndipo nkhani zikakoma ine ndikafika zinkazilala.

Mlendo sangadzichotsere yekha mpanda umenewu. Ndikadayamba ine kutchula mtsogoleri wathu kuti "iwe", ndikadaoneka wamwano. Eni gulu ndiwo amayamba, ndipo amatero akaona ntchito za munthuyo. Choncho udindo wa wobwera ndi kusunga ulemu kwinaku akunyamula ndowa asadauzidwe.

Mawu a pa ntchito

Gulu lililonse lokhalitsa limakhala ndi mawu akeake. Pa msonkhano wanga woyamba ndidamva za "mabenefishale", "distiribushoni", "lipoti la sabata" ndi "a DoDMA", kutanthauza nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri mwa mawuwa ndi obwerekera ku Chingerezi, ndipo Chichewa chawaveka zovala zake: "benefishale" walowa m'gulu la mayina lomwe kuchuluka kwake kumayamba ndi "ma-", monga achitira "buku" ndi "tebulo".

Mawu otere amafulumizitsa ntchito pakati pa owadziwa, koma ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, wobwera amachita manyazi kufunsa, makamaka ngati amutchula kale kuti ndi wa ku yunivesite. Ine ndidakhala masiku awiri ndisakudziwa kusiyana kwa kaundula wa mabanja ndi kaundula wa anthu, mpaka ndidakumbukira kuti safunsa adadya phula. Chachiwiri, mawu a m'gulu akatuluka kunja amataya ulemu. Kutchula agogo omwe nyumba yawo idakokoloka kuti "benefishale" pamaso pawo kuli ngati kuwasandutsa nambala. Mtsogoleri wathu adali ndi lamulo lakuti mawuwa azithera m'kalasi momwe tinkachitira misonkhano, ndipo panja tizinena kuti "amayi", "abambo" kapena "agogo".

Chiyankhulo cha eni dera

Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo kuyambira pamenepo chakhala chikuphunzitsidwa m'sukulu ndi kumveka pa wayilesi m'dziko lonse. Chifukwa cha ichi, ife ochokera m'chigawo chapakati timaganiza kuti kulikonse komwe tingapite tidzamvana ndi anthu. Ku Nsanje anthu ambiri amamvadi Chichewa, koma chiyankhulo cha pakhomo kwa ambiri ndi Chisena, ndipo ena amayankhula Chimang'anja. Vuto lidali kwa ine: iwo ankandimva, koma ine sindinkawamva.

Chisena ndi Chichewa ndi ziyankhulo zapachibale, ndipo kusiyana kwina kuli ndi dongosolo losavuta kuligwira. Mwachitsanzo, pomwe gulu la Chi-Zi limagwiritsa "zi-" pochulukitsa, Chisena chimagwiritsa "pi-", kotero "zinthu" ndi "pinthu". Munthu akagwira lamulo limeneli amayamba kumva ziganizo zambiri. Moni wa "muli tani?" nayenso savuta. Zoopsa kwambiri ndi mawu omwe amamveka chimodzimodzi m'ziyankhulo ziwirizi koma matanthauzo ake ndi osiyana, chifukwa munthu sadziwa kuti sadamve.

Tsiku lachinayi adandiika pa mzere wogawa phala la likuni. Padafika agogo ena ndi zidzukulu zitatu, atanyamula mbale zinayi. Nditathira m'mbale yoyamba, agogowo adawomba m'manja nkunena kuti, "Takhuta, mwananga." Ine ndidamva kuti akhuta, ndidaganiza kuti adya kale kwina, ndipo ndidaitana wotsatira. Agogowo sadadandaule. Adatenga mbale imodziyo nkukakhala pansi pa mtengo kuti anthu anayi agawane. Mnzanga wina wa komweko, yemwe ankasonkhezera moto, ndiye adaona. Adandikokera pambali nkundiuza kuti m'Chisena "takhuta" ndi "zikomo". Ndidathamanga ndi chipande kukadzaza mbale zotsalazo, manyazi atandigwira. Mnzangayo akadapanda kuona, ana atatu akadaswera ndi njala tsiku limenelo chifukwa cha liwu limodzi.

Ngakhale m'Chichewa momwemo liwu limatha kusocheretsa. Polimbana ndi kolera tinkagawa klorini nkumauza anthu kuti "thirani mankhwala m'madzi". Kwa ambiri mankhwala ndi chinthu cha munthu wodwala, choncho tidapeza banja lina litasunga botolo lake kudikira kuti wina adwale. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adatiwongolera kuti tizinena kuti ndi "zoyeretsera madzi akumwa", tizisonyeza muyeso pamaso pa anthu, ndi kuwauza kuti adikire mphindi 30 asadamwe. Adatiuzanso kuti tizisiyanitsa bwino ndi Thanzi ORS, yemwe paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino ndipo ndi wa munthu amene wayamba kutsekula m'mimba.

Dzina la ntchito

Mbali yomaliza ndi momwe timaitchulira ntchitoyi. Mneni "kudzipereka" ali ndi mphatikiram'kati "-dzi-", yemwe amasonyeza kuti wochita ndi wochitiridwa ndi munthu mmodzi. Liwuli limaloza kwa wogwira ntchitoyo ndi mtima wake. Mneni "kuthandizana" ali ndi "-ana", yemwe amasonyeza kuti mbali ziwiri zikuchitirana. Makolo athu ankadziwa ntchito yamtunduwu kudzera m'dima, pomwe anthu ankalima munda wa mnzawo nkulandira mowa kapena thobwa, podziwa kuti mawa adzalima wawo.

Koma mbiri ya dziko lino ili ndi liwu lina lomwe limatichenjeza. Poyamba "thangata" linkatanthauza chithandizo, monga tikuonera mu mneni "kuthangata". M'nthawi ya atsamunda liwuli lidasanduka dzina la ntchito yokakamiza yomwe anthu okhala m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankagwira m'malo mwa lendi, ndipo nkhanza zake zidali zina mwa zifukwa zomwe John Chilembwe adaukira mu 1915. Mpaka lero munthu akagwiritsidwa ntchito popanda phindu amati "imeneyi ndi thangata". M'gulu lathu liwuli linkatuluka nthawi iliyonse yomwe ntchito yagawidwa mokondera, kapena wina walamula m'malo mopempha. Ndidaphunzira kuti kusiyana kwa dima ndi thangata kumagona pa kufuna kwa munthu ndiponso pa kayankhulidwe ka womutuma. "Tiyeni tikatunge madzi" ndi "pitani mukatunge madzi" ndi ziganizo zosiyana pang'ono, koma choyamba chimamuika woyankhulayo m'kati mwa ntchito pomwe chachiwiri chimamuika pamwamba pake. Wobwera kumene, makamaka amene anthu akumuganizira kale kuti ndi wodzimva, ayenera kusamala ndi kusiyana kumeneku.

Mawu omaliza

Kuchokera pa zomwe ndafotokozazi, wolowa m'gulu latsopano ayenera kumvetsera momwe anthu akuitanirana asadasankhe mlowam'malo, kufunsa tanthauzo la liwu lililonse lachilendo tsiku lomwelo, kuphunzira moni ndi mawu othokozera a eni dera asadayambe ntchito, ndi kuyankhula ngati mmodzi mwa ogwira ntchitoyo. Mabungwe otumiza achinyamata nawonso angachite bwino kupatula ngakhale ola limodzi lophunzitsa obwera mawu ofunika a m'dera lomwe akupita, ndipo ophunzira a ziyankhulo tingathandize kukonza timabuku ta mawu otere m'Chisena, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi ziyankhulo zina.

Nkhani ya phala ija idafala m'gulu lonse madzulo omwewo ndipo anthu adaseka mpaka misozi. M'mawa mwake mnzanga uja adandiponyera ndowa nkunena kuti, "Iwe Takhuta, tiye kumjigo." Aka kadali koyamba kunditchula "iwe", ndipo dzinalo lidakhala langa mpaka tsiku lomwe ndidachoka pa msasapo.