Wachotsa ndani, ndipo chapita kuti? Mawu ochotsera m'zinenero za ku Durban

Pamisika ya Warwick Junction, mumzinda wa Durban, malonda amayenda m'zinenero zingapo nthawi imodzi, koma masamu ake ndi amodzi. Mayi wogulitsa ndiwo zamasamba akalandira R50 pa katundu wa R35, amadziwa kuti abweza R15. Chosiyana ndi dzina limene aliyense amapatsa ntchitoyi.

Ife timati kuchotsera. Gwero lake ndi "choka": chinthu chimachoka chokha, munthu amachichotsa, ndipo akatapa pa mulu wachotsera. Azulu, omwe ndiwo ambiri mumzindawu, amatsata njira yomweyo. Kwa iwo "suka" ndi kuchoka, "susa" ndi kuchotsa, ndipo masamu ochotsera kusukulu ndi "ukususa". Mmalawi wongofika kumene asadabwe mphunzitsi akauza mwana wake kuti "susa": sakumuuza kuti atsutse ayi. M'Chiswahili namonso muli "toka" ndi "toa". M'zinenero zapachibalezi, kuchotsera ndi ntchito ya manja, ndipo pamakhala mwini manjawo.

Chingerezi chidabwereka mawu ake ku Chilatini. "Subtract" adachokera ku "sub", kutanthauza pansi, ndi "trahere", kukoka. Alimi mawuwa mumawadziwa kale, chifukwa thirakitala yokoka khasu kumunda idatenga dzina lake pa tsinde lomwelo. Chiafrikaans chimati "aftrek", momwe "trek" ndi kukokanso.

Mawu oti "minus" ndiwo a mtundu wina. M'Chilatini amangotanthauza kucheperapo, monganso "menos" wa Chipwitikizi amene abale athu a ku Tete ndi Angónia amaphunzira kusukulu. Mawuwa satchula wochotsa. Amangonena kuti zinthu zachepa, ngati zachepa zokha. Kamzere kowaimira kadasindikizidwa koyamba mu 1489 ku Leipzig, m'buku la masamu a zamalonda la Johannes Widmann, ndipo kankasonyeza kuperewera kwa katundu. Kalekale izi zisanachitike, mu 628, katswiri wa ku India, Brahmagupta, adalemba malamulo a nambala zotsika kupitirira ziro, nazitcha ngongole. Iye ndiye adalasa penipeni, pakuti aliyense amene adaonapo kamzereka pa lipoti la ku banki amadziwa kuti tulo sabwera.

Ku Durban nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. Amwenye oyamba obwera pa mgwirizano wa ntchito adafika mu Novembala 1860 pa sitima ya Truro kuchokera ku Madras, kudzalima nzimbe. Malipiro awo anali ochepa kale, koma mabwana ankawadulanso munthu akadwala kapena kujomba. Mudzaona kuti pa malipiro ngakhale ife timasiya mawu aulemu a m'kalasi. Timati "andidula", ndipo mpeni umamveka m'mawuwo.

Masiku ano lamulo lilipo. Gawo 34 la lamulo la South Africa la mu 1997 loona za kagwiridwe ka ntchito limaletsa bwana kudula malipiro pokhapokha wantchito atavomera polemba, kapena pamene lamulo, khoti kapena mgwirizano wa mabungwe a antchito walamula. Ngati wantchito waononga katundu, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza, ndipo zodulidwazo zisapose gawo limodzi mwa magawo 4 a malipiro ake. Ndalama ya UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, ndi R1 pa R100 iliyonse, ndipo bwana amasonkhanso yake yofanana nayo. Kwa ogwira ntchito m'mafamu, zodula za chakudya siziyenera kuposa R10 pa R100, chimodzimodzinso za nyumba.

Choncho alangizi amene mumathandiza anthu kuwerenga mapepala a malipiro, kaya a m'munda wa nzimbe ku KwaZulu-Natal kaya a fodya wogulitsidwa ku Kanengo, musalole kamzereko kungodutsa. Kawerengeni m'Chichewa. Mukanena kuti "achotsa", mwini pepala adzafunsa yekha kuti wachotsa ndani, wachotsa zingati, ndipo ndalamayo yapita kuti. Mzere umene wasowa yankho ulembedwe padera, ndipo mwini wake apite nawo ku ofesi ya zantchito kapena ku komiti ya kalabu yake, atatenga pepalalo m'manja.