Mahotela pa Zilumba za Bazaruto: Nthaka ndi ya Yani?

Zilumba za Bazaruto zili m'Nyanja ya Mchere, kufupi ndi tauni ya Vilankulo m'chigawo cha Inhambane. Zilipo zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Boma la atsamunda lidaika zina mwa izo pansi pa chitetezo m'chaka cha 1971, ndipo mu 2001 paki idakulitsidwa kuti iphatikize zonse pamodzi ndi madzi ozizungulira.

Alendo adayamba kale kufikako. Hotela ya pa Santa Carolina idatchuka nthawi ya atsamunda, koma lero ndi bwinja. Nkhondo itatha mu 1992, amalonda adabweranso, ena ochokera ku South Africa, namanga nyumba zogona alendo pa Bazaruto ndi Benguerra. Mphepo yamkuntho ya Favio idaziwononga mu 2007, koma zidamangidwanso. Mahotela ake ndi ochepa, komabe ndi odula zedi, ndipo mwini hotela amafuna gombe labata, lomwelo limene msodzi amakocheza ngalawa ndi kuyanika ukonde.

Apa ndi pamene pali nkhani. Lamulo la Nthaka la 1997 limanena kuti nthaka yonse ndi ya Boma, siigulitsidwa. Anthu amene akhala pamalo motsata mwambo wa makolo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthaka, wotchedwa DUAT, ngakhale alibe chikalata. Koma paki ndi malo otetezedwa kotheratu, ndipo lamulo lomweli likuti m'malo otere DUAT sapatsidwa kwa munthu. Chimene chimaperekedwa ndi chilolezo chapadera chochitira ntchito inayake. Chomwechonso mamita 100 kuchokera pamene madzi amalekezera nyanja ikadzaza ndi otetezedwa m'gombe lonse la dziko.

Choncho mwini hotela sadagule chilumba, ngakhale ena amalankhula ngati adagula. Ali ndi pepala la chilolezo basi. Chovuta n'chakuti msodzi wobadwira pomwepo, amene manda a agogo ake ali pachilumbapo, kawirikawiri alibe pepala lililonse, ndipo pamkangano wopanda pepala ndiye amavutika kumveka.

Malamulo amafuna kuti gawo la ndalama zimene alendo amalipira polowa m'paki libwerere kwa anthu a pazilumbazi kudzera m'makomiti awo. Kuyambira mu Disembala 2017, paki ikuyendetsedwa ndi ANAC, nthambi ya Boma, mogwirizana ndi bungwe la African Parks, pa pangano la zaka 25.