Momwe makompyuta amawongolera ntchito m'fakitale ya yureniyamu

CHITIPA: Munthu wochokera pa boma la Chitipa kulowera ku Karonga amadutsa pafupi ndi mgodi wa Kayelekera, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga. Ambiri amaudziwa ngati malo okumba miyala, koma chuma chenicheni cha mgodiwu chimapangidwa kapena kutayika m'fakitale yoyenga miyalayo.

Kampani ya Paladin Energy ya ku Australia idatsegula mgodiwu m'chaka cha 2009 ndipo idauimitsa mu 2014 mitengo ya yureniyamu itatsika kutsatira ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mu 2011. Kampani ya Lotus Resources idaugula mu 2020 ndi kuyambiranso kuyenga mu 2025. Boma la Malawi lili ndi magawo 15 pa 100 alionse a mgodiwu.

Ntchito ya m'fakitale imayenda motere: miyala imaphwanyidwa ndi kuperedwa, n'kusakanizidwa ndi madzi mpaka kukhala ngati phala. Phalalo amalithira asidi kuti yureniyamu asungunuke. Kenaka timikanda tapadera timakoka yureniyamuyo, yemwe amatsukidwa, kuumitsidwa ndi kulongedzedwa m'migolo ngati ufa wotchedwa yellowcake. Tani yathunthu ya miyala imapereka kilogalamu imodzi yokha ya ufawu kapena kucheperapo, motero kulakwitsa pang'ono kumataya ndalama zambiri.

Vuto ndi lakuti miyala siifanana. Ku Kayelekera kuli miyala yamchenga ndi yadongo, ndipo mtundu uliwonse umaperedwa ndi kumwa asidi mosiyana. Asidi akachepa, yureniyamu amatsalira m'zinyalala. Akachuluka, ndalama zimapita pachabe ndipo pamafunikanso laimu wambiri wophera ukali wake zinyalalazo zisanatayidwe.

M'mafakitale amakono a mtundu uwu, ntchito yowongolera imagawidwa patatu. Pansi penipeni pali zipangizo zopima kutentha, ukali wa asidi, kuchuluka kwa phala m'thanki ndi liwiro lake m'mapaipi. Zipangizozi zimatumiza manambala ku makompyuta ang'onoang'ono omwe amatsegula kapena kutseka mavalavu ndi mapampu.

Gawo lachiwiri ndi kompyuta yolosera. Asidi akathiridwa m'thanki yoyamba, zotsatira zake zimachedwa kuoneka m'thanki yomaliza, choncho wodikira kuti aone vuto amakhala atachedwa kale. Kompyutayi imasunga masamu osonyeza khalidwe la fakitale yonse, imawerengeratu zomwe zichitike, ndipo imasintha zinthu zingapo nthawi imodzi. Luso limeneli lidayamba kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale oyenga mafuta a galimoto m'zaka za m'ma 1970 lisanafalikire ku migodi.

Gawo lachitatu limayang'ana ndalama. Limayerekeza mtengo wa asidi, magetsi ndi laimu ndi mtengo wa yureniyamu pa msika, n'kusankha mlingo wopindulitsa koposa woyendetsera fakitale. Nkhani ya magetsi ndi yaikulu kuno chifukwa m'nthawi ya Paladin fakitale ya Kayelekera inkayendera majenereta a dizilo.

Phindu limaoneka pamene magawo atatuwa alumikizidwa. Akamagwira ntchito payekhapayekha, gawo la ndalama likhoza kulamula zomwe mapampu sangakwanitse, ndipo ogwira ntchito m'chipinda chowongolera amazimitsa makinawo n'kuyamba kuyendetsa pamanja. Komanso chipangizo chimodzi chopima chikada ndi matope, manambala abodza amasokoneza magawo onse. N'chifukwa chake amisiri okonza ndi kuyesa zipangizo zopima amafunika tsiku ndi tsiku.

Kwa ogwira ntchito m'boma, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi ya chuma: msonkho ndi gawo la boma zimadalira kuchuluka kwa ufa wotulutsidwa komanso ndalama zoyendetsera fakitale. Makompyutawa amasunga manambala a zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, ndipo ofisala wodziwa kuwawerenga angathe kuwayerekeza ndi malipoti omwe kampani yapereka.

Yachiwiri ndi ya chilengedwe. Mtsinje wa Sere, womwe umadutsa pafupi ndi mgodiwu, umathira mu North Rukuru, ndipo iwo umakathira m'nyanja ya Malawi. Dzinja likafika, zipangizo zopima madzi m'madamu a zinyalala ndizo zimachenjeza msanga madziwo asanasefukire. Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe maziko ake ndi lamulo la mu 2011, ndi la Malawi Environment Protection Authority, ali ndi udindo woyang'anira mbali imeneyi.

Choncho oyendera mgodi ochokera ku maunduna ndi m'makhonsolo a Karonga ndi Chitipa ali ndi mafunso oyenera kufunsa akalowa m'chipinda chowongolera: zipangizo zopima zidayesedwa liti komaliza, mabelu ochenjeza adalira kangati mwezi watha, ndipo ndi maola angati omwe fakitale idayendetsedwa pamanja.