Kholo likakhala ndi lamya koma osadziwa kuyimba

Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atadzaza mtsinje wa Mwanza, mlatho wa Chapananga m'boma la Chikwawa unaduka. Mlatho wa mamita 180 umenewu ndiwo unkalumikiza anthu a tsidya lija ndi kuboma. Madzi omwewo anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kugwa mumdima. Amene anali ndi m'bale wake m'dera la Mfumu Chapananga masiku amenewo ankangodalira lamya kuti amve ngati m'baleyo ali moyo. Koma lamya imathandiza pokhapokha mwini wake akadziwa kuyigwiritsa ntchito. Nkhalamba imene lamya yake imakhala m'thumba la mdzukulu inayenera kudikira kuti mdzukuluyo apezeke kaye.

Chapananga ndi kutali ndi Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, komabe nkhaniyi ndi yathu. Ife sitinadulidwe ndi mtsinje ayi, tinadulidwa ndi ulendo. Ana athu ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo ambiri anatumiza kale lamya zamakono kwa makolo awo. Mphatsoyo ndi yabwino, koma ikafika popanda wophunzitsa imasanduka ya mnyamata wa pakhomo. Iyeyo ndiye amamva zinsinsi za banja, ndiye amadziwa nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiyenso amanena kuti zabwera zingati. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika. Ngakhale zili choncho, mayi ali ndi mawu ena amene sangauze mwana wake kudzera pakamwa pa mdzukulu.

Chisilamu chimalamula kulumikiza chibale, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) anachenjeza mwamphamvu za munthu wodula ubale. Pali chinanso chimene chimatikhudza ife kuposa ena: sitichedwetsa maliro. Munthu akamwalira m'mawa, nthawi zambiri janaza imaswalidwa tsiku lomwelo. Uthenga ukachedwa maola asanu chifukwa woyimba lamya wapita kunyanja, m'bale amene akanakwera minibasi n'kufika amapeza anthu atabwerera kale kumanda.

Ena amati makolo akalamba, sangaphunzire. Ine sindivomereza. Bambo amene analoweza Juzu Amma ali mwana, ndipo mpaka lero amawerenga zilembo za Chiarabu popanda kudodoma, sangalephere kuloweza mabatani atatu. Chimene chimawagwetsa ulesi ndi mphunzitsi wake. Mwana amalanda lamya, kudinadina mothamanga, n'kubweza akunena kuti zatheka. Kholo likafunsa kachiwiri, nkhope yachita kale tsinya. Surat Al-Isra, ndime 23, imaletsa mwana kuonetsa kunyansidwa ndi makolo okalamba ngakhale ndi kaliwu kakang'ono, ndipo lamuloli silichoka chifukwa chakuti nkhani yake ndi ya WhatsApp.

Njira yake tiyibwereke ku madrasa, kumene mwana sapatsidwa sura yatsopano asanagwire ya dzulo. Lamya ikhale m'dzanja la kholo, wophunzitsa manja kumbuyo. Tsiku loyamba likhale la kuyankha ndi kudula basi. Kenako uthenga wa mawu: kudina chizindikiro cha maikolofoni, kuyankhula, n'kusiya. Umenewu ndiwo ndimaukonda koposa, chifukwa sufuna kulemba, ndipo gogo amayankhula Chiyao chake kapena Chimang'anja chake mmene amayankhulira pakhonde. Pa dzina la mwana aliyense payikidwe chithunzi chake, kuti wosawerenga zilembo za Chingerezi azisankha ndi nkhope. Nthawi yabwino ndi pambuyo pa swala ya Asr, kukadali kowala, poti maso a akulu savutika.

Za ndalama zibwere pomaliza, koma zisadumphidwe. Akuba a pa lamya amasaka okalamba. Amayimba n'kunena kuti atumiza ndalama molakwitsa, kapena kuti mwana wanu wagwidwa pa chipata cha Beitbridge ndipo pakufunika ndalama msanga. Kholo lidziwe kuti nambala yachinsinsi siuzidwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wa kukampani ya lamya. Likamva nkhani yotere lidule, kenako liyimbe lokha pa nambala ya mwanayo imene ili ndi chithunzi chija, limve mawu ake lisanapite kwa ejenti.