Zoyenera kuunika posankha kampani ya ndege pa ulendo wautali

Lilongwe: Wogwira ntchito m'boma akaloledwa kukakhala nawo pa msonkhano ku London, Geneva kapena New York, ofesi yake imaitanitsa mitengo ya matikiti kwa maajenti angapo, ndipo kawirikawiri maso amathamangira pa mtengo wotsikitsitsa.

Mchitidwewu ndi womveka poti ndalama zogulira tikitiyo ndi za misonkho ya anthu. Komabe mtengo wolembedwa pa tikiti ndi gawo chabe la ndalama zomwe ulendo wonse umadya, moti nthawi zina tikiti yomwe imaoneka yotsika mtengo ndi yomwe imadzawonongetsa ndalama zambiri.

Nkhaniyi idakula kwambiri mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022 komanso ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Mitengo ya maulendo aatali imawerengedwa pa dola ya America, choncho kwacha ikagwa, tikiti yomweyo imakwera mtengo ngakhale kampani ya ndege isanasinthe chilichonse.

Mu Novembala 2023 momwemo, mtsogoleri wa dziko lino wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mpaka Malichi 2024 pofuna kupulumutsa ndalama zakunja. Izi zidaonetsa poyera kuti tikiti iliyonse yomwe unduna umagula imakhudza thumba la dziko lonse.

Makomo atatu otulukira

M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Air Malawi inkauluka mpaka ku London pa ndege ya mtundu wa VC10. Kampaniyo idathetsedwa mu 2013 ndipo m'malo mwake mudabwera Malawi Airlines, yomwe idayamba kuuluka mu 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49.

Pakadali pano palibe ndege yonyamula anthu yomwe imachoka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kapena ku Chileka mumzinda wa Blantyre n'kukatera ku Ulaya, America kapena Asia osaima pena. Aliyense amayenera kusintha ndege, ndipo makomo aakulu ndi atatu: Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg.

Titenge ulendo wa ku London monga chitsanzo. Wodzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines amauluka maola pafupifupi 4 kuchokera ku Lilongwe, kenaka maola ena pafupifupi 8. Wodzera ku Nairobi pa Kenya Airways amauluka maola opitirira pang'ono 2, kenaka pafupifupi 9.

Wodzera ku Johannesburg pa Malawi Airlines kapena Airlink amayamba wapita kummwera kwa maola opitirira 2 asanakwere British Airways kapena Virgin Atlantic pa ulendo wa maola pafupifupi 11. Njirayi ndi yozungulira, koma ku Johannesburg kumatera makampani ambiri, kuphatikizapo Emirates ndi Qatar Airways, zomwe zimapereka mpata wosankha.

Pa ulendo wa ku America kusiyana kumakula. Kenya Airways idayamba mu Okutobala 2018 kuuluka kuchokera ku Nairobi mpaka ku New York osaima, ulendo wa maola pafupifupi 15. Ndege za Ethiopian Airlines zopita ku America zimaima kaye panjira, mwa zina chifukwa mzinda wa Addis Ababa uli pamalo okwera mamita opitirira 2,300 pomwe mpweya ndi wopepuka, moti ndege siingathe kunyamuka itadzaza mafuta onse ndi katundu yense.

Momwe mtengo umapangidwira

Anthu awiri okhala moyandikana m'ndege imodzi akhoza kukhala atalipira ndalama zosiyana kwambiri. Makampani a ndege amagawa mipando ya gawo limodzi, monga la economy, m'magulu angapo a mitengo omwe amadziwika ndi zilembo. Mipando ya gulu lotsika mtengo imakhala yochepa, ndipo ikatha kompyuta imayamba kugulitsa gulu lotsatira.

Ichi n'chifukwa chake mtengo womwe ajenti wapereka Lolemba umapezeka utasintha pofika Lachisanu. Ajenti amatha kusunga mpando kwa masiku ochepa okha, ndipo tikiti ikapanda kulipiridwa nthawiyo isanathe, mpandowo umabwerera pamsika.

Apa ndi pomwe maofesi ambiri amaluzira ndalama. Kalata yoitanira ku msonkhano imafika miyezi iwiri tsikulo lisanakwane, koma chilolezo cha ulendo ndi malipiro zimatuluka kutatsala masiku atatu. Kusiyana kwa mtengo komwe kumabwera chifukwa cha kuchedwaku nthawi zambiri kumaposa kusiyana kwa mitengo ya makampani awiri.

Nyengo nayo imasintha zinthu. Matikiti amakwera mtengo mu Disembala, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti pomwe anthu a ku Ulaya amakhala pa tchuthi, komanso pa nthawi ya misonkhano ikuluikulu monga wa bungwe la United Nations womwe umachitika ku New York mu Sepitembala chaka chilichonse.

Pamwamba pa mtengo weniweni wa ulendo pamakhala misonkho ya maboma, ndalama za mabwalo a ndege komanso ndalama yomwe kampani imaonjezera yokha, yomwe kawirikawiri imatchedwa ya mafuta. Dziko la Britain, mwachitsanzo, lakhala likudula msonkho wa Air Passenger Duty kuyambira mu 1994 kwa onyamuka m'dzikolo, ndipo msonkhowu umakula ulendo ukakhala wautali kapena munthu akakwera gawo la business. Choncho mitengo iwiri ingayerekezedwe pokhapokha yonse itaphatikiza misonkho.

Tikiti imodzi kapena awiri

Funso lofunika kwambiri ndi lakuti kodi ulendo wonse uli pa tikiti imodzi. Ngati uli pa tikiti imodzi ndipo ndege yochokera ku Lilongwe yachedwa mpaka yachiwiri n'kukusiyani, ndi udindo wa kampaniyo kukuikani pa ndege ina popanda kulipira. Katundu nayenso amalembedwa kuti akafike komwe mukupita.

Matikiti awiri ogulidwa padera, ina ya Lilongwe mpaka Johannesburg ndi ina ya Johannesburg mpaka London, akhoza kuoneka otsika mtengo mukawaphatikiza. Koma ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri imakuwerengani ngati munthu amene sadabwere, ndipo tikiti yonse, kuphatikizapo ulendo wobwerera, ikhoza kufafanizidwa.

Kuonjezera apo, kawirikawiri mumayenera kutuluka kudzera kwa a zolowa ndi kutuluka, kutenga katundu wanu ndi kukamulembetsanso, zomwe zimafuna maola angapo.

Lamulo lofanana ndi limeneli limagwiranso ntchito pa tikiti imodzi: amene wadumpha gawo loyamba la ulendo, mwina poganiza kuti akakwerera ndege patsogolo, amapeza kuti magawo otsalawo achotsedwa.

Migwirizano ya makampani imathandiza pa nkhaniyi. Ethiopian Airlines idalowa mu Star Alliance mu 2011, momwe mulinso Lufthansa ndi United Airlines. Kenya Airways ili mu SkyTeam pamodzi ndi KLM ndi Air France, pomwe British Airways ndi Qatar Airways zili mu oneworld. Makampani a gulu limodzi amagulitsirana mipando, moti wopita kumzinda ngati The Hague kapena Bonn amapeza njira yofikira kufupi pa tikiti imodzi.

Katundu, kudikira ndi mapepala

Pa maulendo aatali ochokera ku Africa, Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways kawirikawiri zimalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse m'gawo la economy. Makampani ambiri a ku Ulaya ali ndi gulu la matikiti otsikitsitsa mtengo lomwe limalola kachikwama ka m'manja kokha. Wopita kukaphunzira chaka chathunthu, kapena wonyamula mabuku ndi zikalata za msonkhano, amadzalipira ndalama zambiri pa bwalo la ndege ngati sadaonetsetse izi.

Nthawi yodikira nayo ili ndi mtengo wake. Ulendo womwe umafuna kugona panjira umatanthauza tsiku lina la alawansi, mwinanso hotela, komanso tsiku lina lomwe ofesi ilibe mwini wake. Ethiopian Airlines imadziwika ndi kupereka malo ogona ku Addis Ababa kwa odikira maola 8 mpaka 24 pa matikiti oyenerera, ndipo makampani ena ali ndi dongosolo lofanana nalo. Safunsa adadya phula: ndi bwino kufunsa ajenti tikiti isanadulidwe ngati mwayiwu ulipo.

Nthawi yofikira siyofunika kuinyalanyaza. Ndege zambiri zochokera ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg zimanyamuka usiku n'kukafika ku Ulaya m'mawa. Nthumwi yomwe yatera 7 koloko m'mawa itachezera usiku wonse pampando, n'kumayembekezeka kukalankhula m'malo mwa dziko 10 koloko, siingagwire ntchito yomwe boma lidaitumira. Apa tsiku limodzi lopumula ndi gawo la mtengo wa ulendo.

Pali maiko ena, monga Britain, omwe amafuna viza ya odutsa kwa nzika za maiko ambiri a mu Africa ngakhale munthu asakutuluka pa bwalo la ndege. Njira yosintha ndege kawiri m'maiko a Schengen ku Ulaya imafunanso viza chifukwa ulendo wa pakati pa mizinda iwiriyo umatengedwa ngati wa m'kati mwa chigawocho.

Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la maiko omwe mumapezeka matenda a yellow fever, ndipo maiko ena, kuphatikizapo South Africa, amafuna chiphaso cha katemera kwa amene wakhala maola opitirira 12 pa bwalo la ndege la dziko lotere. Kuyambira mu 2016, malamulo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chiphasochi chimagwira ntchito moyo wonse.

Msonkhano ukasintha tsiku

Misonkhano ya maboma imasinthasintha, ndipo viza imatha kutuluka mochedwa. Tikiti yotsikitsitsa mtengo nthawi zambiri siibwezedwa ndalama, ndipo kusintha tsiku kumafuna chindapusa pamodzi ndi kusiyana kwa mtengo wakale ndi watsopano.

Tiyerekeze kuti ajenti wapereka mitengo iwiri, wina wa madola 1,300 ndi wina wa madola 1,500. Woyambawo ulibe sutikesi, umafuna kugona panjira popita ndi pobwera, ndipo sungasinthidwe. Wachiwiriwo uli ndi masutikesi awiri, kudikira kwa maola atatu okha, ndipo umalola kusintha tsiku. Mukaonkhetsa ndalama ya katundu ndi masiku awiri a alawansi, madola 200 omwe amaoneka ngati apulumutsidwa aja amakhala atatha kale, msonkhano usanasinthe n'komwe.

Zinthu zikalakwika

Lamulo nambala 261 la mu 2004 la European Union lidaika chipukuta misozi cha mpaka mayuro 600 kwa okwera pa maulendo opitirira makilomita 3,500 ngati ndege yachedwa kwambiri kapena yalephereka pa zifukwa zomwe kampani ikadatha kupewa. Lamuloli limakhudza kampani iliyonse yonyamuka m'maiko a mgwirizanowu, koma pa ulendo wolowera ku Ulaya limakhudza makampani a ku Ulaya okha. Britain itatuluka mu mgwirizanowu idasunga lamulo lofanana nalo, la mpaka mapaundi 520.

Pa nkhani ya katundu, pangano la Montreal la mu 1999, lomwe maiko ambiri amatsatira, limapereka masiku 7 odandaulira ngati katundu waonongeka ndi masiku 21 ngati wafika mochedwa. Pali malire a ndalama zomwe kampani ingalipire, choncho laputopu ya ofesi, mankhwala ndi zikalata zofunika ziyenera kukhala m'chikwama cha m'manja.

Kumbali ya chitetezo, bungwe la makampani a ndege la IATA lili ndi ndondomeko yoyendera makampani yotchedwa IOSA yomwe idayamba mu 2003, ndipo European Union yakhala ikutulutsa kuyambira mu 2006 mndandanda wa makampani oletsedwa kuuluka m'maiko ake. Zonsezi zimapezeka pa intaneti ndipo ofesi iliyonse ikhoza kuziona isanagule tikiti ya kampani yomwe siikuidziwa.

Zomwe ofesi ingachite

Malamulo ogulira katundu ndi ntchito za boma, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amatsindika kuti boma lipeze phindu lolingana ndi ndalama zomwe lalipira. Pa matikiti a ndege, izi zingatheke ngati maajenti onse afunsidwa mafunso ofanana: mtengo wonse pamodzi ndi misonkho, chiwerengero cha masutikesi, maola odikira, chindapusa chosinthira tsiku, ndalama yomwe ingabwezedwe ulendo ukalephereka, tsiku lomaliza kulipira, komanso ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi.

Mayankhowa akalembedwa papepala limodzi, pamodzi ndi masiku a alawansi omwe njira iliyonse ingafune, mlembi wamkulu wa unduna amakhala ndi chifukwa chomveka chosankhira tikiti ina n'kusiya ina, ndipo chifukwacho chimakhala m'failo ofufuza za chuma akadzabwera.

Palibe kampani imodzi yomwe imaposa zinzake pa ulendo uliwonse. Yomwe ili yabwino popita ku New York ikhoza kukhala yozungulira popita ku Beijing, ndipo mtengo wa mwezi uno si wa mwezi wamawa. Chomwe ofesi ili nacho m'manja mwake ndi nthawi: chilolezo chikatuluka msanga, mipando yotsika mtengo imakhala ikadalipo pa makomo onse atatu.